Ulendo wa Alta Montaña kukaona Cristo wa pa malire a Argentina ndi Chile: malo ndi abwino zedi koma mphindi 20 zinatichepera

Ndinali ku Mendoza ku Argentina mu February pa maphunziro a za ulimi wothirira, nde Loweruka lina anatipatsa tsiku lopuma. Anzathu ambiri anasankha kukazungulira minda ya mphesa kumakalawa vinyo poti Mendoza imadziwika ndi zimenezo, koma ine ndi mnzanga wina wa ku Chipata tinagula tikiti ya ulendo wa tsiku limodzi wa kumapiri, umene makampani onse onyamula alendo kumeneko amautcha Alta Montaña. Dzina la kampani yomwe tinakwera sinditchula, alipo ambirimbiri mtauni muja ndipo njira amadutsa ndi imodzi yomweyo. Chomwe ndinalipirira ine kwenikweni ndi kukaona chipilala cha mtendere chomwe chili pamwamba pa mapiri a Andes, pa malire enieni a Argentina ndi Chile, dzina lake Cristo Redentor de los Andes, eni ake amangoti el Cristo basi. Musachisokoneze ndi cha ku Rio de Janeiro chotambasula manja chija, ichi ndi china, chaching'ono komanso ndi chakale kuposa chija.

Ndinene kale, pitani. Mukapezeka ku Mendoza kapena ku Santiago nthawi yotentha musabwerere musanakwereko. Koma pali zomwe sizinandisangalatse pa kayendetsedwe ka ulendowu ndipo ndizinena.

Anatitenga pa hotelo cha m'ma 7 koloko m'mawa pa kabasi ka anthu ngati 18, kaukhondo, mipando yabwino, dalaivala wachikulire wosalankhulalankhula ndi mtsikana wina yemwe anali gaidi wathu. Polipira anatiuza kuti gaidi azilankhula Chisipanishi ndi Chingerezi, koma zomwe zinachitika nzoti amafotokoza kwa mphindi 5 m'Chisipanishi anthu nkumaseka, kufunsa mafunso, kenako nkutembenukira kwa ife awiri ndi banja lina la ku Germany nkutiuza ziganizo ziwiri zokha. Sikuti anali wamwano ayi, anali mtsikana waulemu ndipo ukamufunsa amayankha bwinobwino, koma ufunse chani pamene sunamve zomwe zanenedwa? Nde chinthu choyamba, musanapereke ndalama funsitsani ngati pa basi imeneyo pakhale gaidi wa Chingerezi weniweni kapena ndi wongothandizira.

Msewu ndi wa tara, amautcha Ruta 7, ndi womwewo umene mathiraki ochokera ku Brazil, Paraguay ndi Argentina amadutsa kupita ku madoko a ku Chile, nde mathiraki ndi ambiri osati masewera. Kuchokera ku Mendoza kufika kumtunda kuja ndi makilomita pafupifupi 200. Tinaima koyamba pa damu la Potrerillos, madzi obiriwira bwino pakati pa mapiri ouma, kenako Uspallata, katauni ka mitengo italiitali komwe tinamwa khofi ndipo ena anabwereka majekete pa sitolo ina. Ukangodutsa Uspallata mitengo imatha. Kumatsala miyala yokhayokha, mapiri ofiira, achikasu, ena otuwa ngati phulusa, mtsinje wa Mendoza uli m'munsimu madzi ake a matope, ndipo m'mbali monsemo ukuona njanji yakale ya sitima ya Trasandino yomwe inatsegulidwa mu 1910 nkusiya kuyenda mu 1984, milatho yachitsulo ya dzimbiri, mashedi a malata omwe ankateteza sitima ku chipale chofewa angogwa okha. Zimamvetsa chisoni kuona ntchito yaikulu choncho itangosiyidwa.

Pa Puente del Inca tinakhala nthawi yaitali. Ndi mlatho wachilengedwe, mwala wa chikasu chofiirira chifukwa cha madzi otentha a mchere omwe amatuluka pansi, m'munsi mwake muli mabwinja a nyumba zosambiramo za hotelo yomwe inakwiriridwa ndi chipale chofewa chogumuka kuphiri mu 1965, katchalitchi kokha nkomwe kanatsala chiimire. Pamlathopo salola kuyendapo masiku ano, umangoonera patali. Ndi pokongola ndithu koma mphindi 10 zimakwana, ife tinakhalapo pafupifupi ola chifukwa pali msika wa zosemasema ndi zipewa zaubweya. Kenako tinaima pomwe umaonera Aconcagua, phiri lalitali kuposa onse kunja kwa Asia, mamita 6,961, nsonga yake yoyera mbee kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Apa sindidandaula, tikanakhalapo ola ndikanavomera.

Malo omaliza a tara ndi Las Cuevas, kamudzi ka nyumba zowerengeka za miyala, ndipo pamenepo uli kale pamwamba kuposa Sapitwa wathu wa mamita 3,002. Mathiraki onse amalowa mu ngalande yapansi pa phiri yomwe inatsegulidwa mu 1980 nkukatulukira ku Chile, koma wofuna kukaona Cristo amapatukira pa msewu wakale wafumbi, makilomita 8 kapena 9 okhotakhota kukwera phiri. Amene munakwerapo Gorodi kuchokera pa Chitimba kupita ku Livingstonia mukudziwa mmene mtima umachitira pa makona aja, nde ganizani Gorodi wopanda mtengo ndi umodzi womwe woti ukubisire phompho, ukuona pansi mpaka Las Cuevas nyumba zikuchepa ngati mabokosi a machesi. Apa nde ndinamulemekeza dalaivala uja. Sanathamange, pa kona iliyonse amaliza hutala, akakumana ndi galimoto yotsika amaima malo otakasuka nkuidikira idutse, m'basi monse munali zii. Mayi wina kumbuyo amapemphera kolona chapansipansi. Dalaivala ameneyo ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamuwonjezera malipiro.

Msewu umenewu umatseguka nthawi yotentha yokha, cha m'ma December mpaka March, miyezi inayo umakwiririka ndi chipale chofewa. Nde chachiwiri chofunsa ndi chimenechi, kodi tikafika pa Cristo penipeni kapena tikathera pa Las Cuevas? Chifukwa ulendo dzina ndi lomwelo chaka chonse koma si nthawi zonse amakwera, ndipo ngakhale mu January kukachita mphepo yoopsa amatha kutseka.

Titafika pamwamba chitseko chitangotseguka mphepo inalowa ngati munthu watikankha. Ku Mendoza tinanyamuka kukutentha ngati Nsanje, kuno zala zinauma moti foni ndimakanika kuidina. Ndi mamita opitirira 3,800, mpweya ndi wochepa, ukayenda masitepe 10 mofulumira mtima ukugunda m'makutu ndipo mutu umalemera. Eni ake amati puna, munthu akadwala nazo amati wagwidwa ndi puna, ndipo gaidi anatichenjeza bwino kuti tiyende pang'onopang'ono, tisathamange, timwe madzi. Mnzanga wa ku Chipata anachita chizungulire anakhala kaye pamwala. Mbendera ziwiri, ya Argentina ndi ya Chile, zinali zothetheka kunsonga chifukwa cha mphepo yomweyo.

Nde pali iyeyo. Yesu wa mkuwa wotalika mamita ngati 7, waima pa mpira wa dziko lapansi, mpirawo uli pa tsinde la mwala la mamita 6, dzanja lamanzere wagwira mtanda wautali, lamanja wakweza ngati wansembe akudalitsa. Sanayang'ane ku Argentina, sanayang'ane ku Chile, wayang'ana motsata mzere wa malire kuti pasakhale woti wafulatiridwa. Mkuwa unada, malo ena wobiriwira, m'mapindo a mkanjo muli fumbi lomwe mphepo imaponyamo. Kunena zoona pa chithunzi amaoneka wamkulu, ukafika mapiri omuzungulira ndi aakulu kwambiri moti iye amaoneka wamng'ono, ali yekhayekha pamalo opanda udzu, opanda mbalame, opanda mudzi. Ine chimenecho nchomwe chinandigwira mtima. Sanamuike pabwalo la mumzinda poti akuluakulu azidutsapo ndi magalimoto, anamuika pomwe asilikali akanadutsa popita kukaphana.

Nkhani yake ndi iyi, ndipo gaidi akanaifotokoza bwino m'Chingerezi anthu akanatsika basi akudziwa chomwe akuona. Argentina ndi Chile ali ndi malire aatali kwambiri, makilomita opitirira 5,000, ambiri mwa iwo m'mapiri. Mu 1881 anasainirana pangano loti malire adzatsata nsonga zitalizitali zomwe zimagawa madzi, kuti mitsinje ina ipite uku ina uko. Vuto linabuka kummwera ku Patagonia komwe nsonga zitalizitali zili pena, pogawikana madzi pali penanso, nde Argentina imati titsate nsonga, Chile imati titsate madzi, aliyense akuwerenga chiganizo chomwecho mokomera kwawo. Pofika cha m'ma 1900 onse awiri anali akugula sitima zankhondo ku Ulaya, ndalama zambirimbiri, nkhondo inali pakhomo. Mu May 1902 anasainirana mapangano omwe amatchedwa Pactos de Mayo, kugwirizana kuchepetsa zida zapanyanja komanso kuti mikangano aziitengera kwa mkhalapakati, ndipo mu November chaka chomwecho Mfumu Edward VII ya ku Britain inapereka chigamulo chogawa malo aja, onse awiri anavomera.

Ine monga Mmalawi nditamva za chiganizo chimodzi chowerengedwa pawiri maganizo anathamangira ku nyanja, nkhani ya ife ndi Tanzania, ife tikugwira pangano la 1890 la Angerezi ndi Ajeremani loti malire ali m'gombe la kwawo, iwo akuti pakati pa madzi. Sindikuti nkhanizi ndi zofanana ndendende ayi. Koma ndinaima pamenepo ndikuganiza kuti anthu awa anafika pogula zida, kenako anabwerera.

Chipilalacho anachipanga ndi mmisiri wa ku Buenos Aires dzina lake Mateo Alonso, mnyamata yemwe panthawiyo anali asanakwanitse zaka 30. Amene anamutuma ndi Bishopu Marcolino Benavente wa ku Cuyo, dera lomwe kuli Mendoza, ndipo chitatha chinakhala kaye pabwalo la sukulu ina ku Buenos Aires anthu nkumapita kukachiona. Amene analimbikira kuti chikaikidwe pamalire ndi mayi wina, Ángela de Oliveira Cézar de Costa, anayenda m'maofesi mpaka kwa Pulezidenti wa Argentina Julio Roca, ndipo pambuyo pake dzina lake linaperekedwa kuti apikisane nawo pa mphoto ya mtendere ya Nobel. Anthu amati mkuwa wake unachokera ku mizinga yakale yomwe anasungunula, gaidi naye ananena choncho koma anawonjezera yekha kuti akatswiri ena a mbiri amakayika. Chomwe chili chotsimikizika ndi mmene chinafikira kuno. Anachidula zidutswazidutswa, sitima inachinyamula makilomita oposa 1,000 kuchokera ku Buenos Aires, pomwe njanji inathera anasenzetsa nyulu kukwera phiri lomwe ife tinakwera pa basi tikupemphera lija. Ndipo Alonso sanangotumiza katundu nkukhala mtauni, anakwera yekha kudzayang'anira kulumikiza zidutswazo mumphepo imeneyi. Ukayandikira nkuyang'ana m'mwamba umaganiza za manja a anthu omwe anagwira zitsulo zozizira zimenezi popanda kireni, mpweya ukuwaperewera ngati mmene umatiperewera ife ongoyenda ndi foni m'manja.

Anachitsegulira pa 13 March 1904. Anthu pafupifupi 3,000 anakwera kuchokera mbali zonse ziwiri, asilikali a maiko awiriwa omwe zaka ziwiri zapitazo amakonzekera kuomberana anaomba mfuti zaulemu limodzi. Mapulezidenti sanabwere, anatumiza nduna zoona za kunja. Pa tsinde pali zikwangwani zachitsulo zingapo, china chili ndi mawu a Bishopu Ramón Ángel Jara wa ku Chile omwe analankhula tsikulo, ndipo m'chilankhulo chathu akuti mapiri awa adzayamba agumuka kaye a Chile ndi a Argentina asanaswe mtendere umene analumbira pa mapazi a Khristu Muomboli.

Tsono pa basi yathu panali bambo wina wachikulire wa ku Argentina, tsitsi loyera, anabwera ndi mwana wake wamkazi. Njira yonse sanalankhule zambiri, amangomwa mate wawo uja, masamba owawa omwe amathira madzi otentha m'kachikho nkumayamwa ndi kapaipi kachitsulo, ndipo pa Uspallata anatipatsako ife alendo tilawe. Pamwamba paja ndinawapeza ataima pa chikwangwani chija avula chipewa mumphepo yonse ija, dzanja agwira mwala wa tsinde. Mwana wawo amadziwa Chingerezi nde anandiuza kuti bambo ake mu December 1978 anali mnyamata wa zaka 19 wolembedwa usilikali mokakamiza, anawatumiza kumalire kukadikira lamulo loti alowe mu Chile. Nthawi imeneyo maiko onse awiri amalamulidwa ndi asilikali, Videla ku Argentina, Pinochet ku Chile, ndipo amakanganirana tizilumba titatu kummwera kwenikweni, Picton, Nueva ndi Lennox, mu ngalande ya Beagle. Nkhondo inatsala maola owerengeka Khirisimasi itayandikira, mpaka Papa John Paul II analowererapo natumiza Kadinala Antonio Samorè kukayenda pakati pa Buenos Aires ndi Santiago. Zokambirana zinatenga zaka, pangano la mtendere ndi ubale linasainidwa ku Vatican mu 1984. Bambowo anandiyang'ana nkulankhula zinazake, mwana wawo anamasulira kuti akuti anyamata a tsidya linalo anali a msinkhu wawo womwewo, ndipo iwo akanaphedwa tsiku lija mwana ameneyu sakanabadwa. Anati aka kanali koyamba kukwera kuno m'moyo wawo wonse ngakhale amakhala m'dziko lomwelo.

Akulankhula choncho hutala inalira kumbuyo kwathu. Mphindi 20 zatha.

Apa nde pali dandaulo langa lalikulu ndipo mpaka lero zimandiwawa. Munthu wanyamuka 7 koloko, wayenda makilomita 200, wakwera msewu woopsa uja, nkumupatsa mphindi 20 pamalo pomwe ulendo wonse ukulowera, pamene pa msika wa zipewa tinakhala ola, pa nkhomaliro ola ndi theka. Mwa mphindi 20 zimenezo 5 zimapita ukupuma kuti mutu ukhazikike, zina pamzere wojambulitsa chifukwa mabasi ena afikanso nthawi yomweyo aliyense akufuna chithunzi mwendo wina ku Chile wina ku Argentina. Ndinamufunsa gaidi anati ndi chifukwa cha puna, anthu akakhalitsa amadwala, komanso masana mphepo imakula nde dalaivala amafuna atsike kusanaipe. Ndikumvetsa, si bodza, mnzanga uja anali atadwaladi. Koma mphindi 40 sizikanapha munthu, wodwala akanakhala m'basi, ndipo akanatha kutifotokozera mbiri yonse tili m'njira kuti tikafika tingoona ndi kulingalira. Bambo aja anavala chipewa chawo nkubwerera ku basi pang'onopang'ono osatsutsa, koma ine ndinaona kuti sanamalize zomwe anabwerera.

Pamwambapo pali tinyumba tiwiri ta miyala, ndipo pamakhala ogulitsa chokoleti chakumwa chotentha ndi tinthu tachikumbutso. Gulani chokoleticho, pa kuzizira kuja kapu imeneyo m'manja ndi mankhwala, ine ndinamwera m'basi tikutsika. Simufunika kudinditsa pasipoti chifukwa simudutsa pa chipata cha olowa ndi otuluka, komabe itengeni poti ndi dera la malire ndipo m'njira muli apolisi. Za zimbudzi musadalire pamwamba, malizani pa Las Cuevas.

Nkhomaliro sinali mu mtengo wa tikiti, anatiuza kale zimenezo nde palibe chinyengo. Anatiimika pa lesitilanti ina m'njira yobwerera, yodzitengera wekha chakudya, nyama yowotcha, mphodza za nyemba, mbatata, saladi. Chakudya chinali chotentha komanso chokhutitsa koma mtengo unali wokwera poyerekeza ndi mtauni, ndipo posankha palibe poti basi yaima pamenepo basi. Mukafuna kusunga ndalama tengani buledi ndi zipatso ku Mendoza palibe amene angakuletseni. Mtengo wa ulendo weniweniwo sindilemba chifukwa ndalama ya ku Argentina imasinthasintha, zomwe ndinalipira ine sizingakuthandizeni, ingofunsani makampani awiri atatu mufananize, ndipo kwa ine pa ulendo wa maola 12 sunali wodula.

Zovala, tengani jekete lenileni loletsa mphepo osati juzi yokha, chipewa chophimba makutu, magalasi a dzuwa ndi mafuta odzola chifukwa dzuwa la kumeneko limawotcha khungu ngakhale ukunjenjemera. Amene muli ndi vuto la mtima kapena BP yambani mwafunsa dokotala, si malo ochitira dala. Ana aang'ono ndinaona ena akulira ndi mutu.

Ndikanati ndipereke nyenyezi, dalaivala 5, basi 5, gaidi 3 chifukwa cha chilankhulo chokha osati khalidwe, kagawidwe ka nthawi 2. Ndikadzapitanso, ndipo ndikufuna kudzapita ndi akazi anga, ndidzachita hayala galimoto ndi dalaivala wodziwa msewu uja tidzanyamuke 5 koloko kuti tikafike mabasi asanafike, kapena kugona ku Uspallata tsiku limodzi kuti thupi lizolowere kaye.

Pobwerera anthu ambiri anagona. Bambo aja anakhala pa windo mbali ya phiri, pa kona iliyonse amatembenuza khosi kuyang'ana m'mwamba mpaka mtanda unabisika kuseri kwa miyala, kenako anatsegula fulasiki nkuthira madzi mu mate, anamwa, anathiranso nkupatsira mnzanga wa ku Chipata yemwe mutu unali utayamba kumusiya. Tinafika ku Mendoza cha m'ma 7 madzulo kukutenthabe, madzi akuyenda m'tingalande ta m'mbali mwa misewu.